Kodi chithunzi cha dijito chimatsukidwa?

Mafunso a ulendo uno achokera kwa anthu ogwira kamera. Ambiri akukhudza makamera aja amene pa Chingerezi amatchedwa medium format, ndipo ndawaika pamodzi chifukwa yankho la funso limodzi likukoka linzake.

"Aphunzitsi, ndikulemba kabuku kophunzitsira achinyamata kujambula. Nditafika pa mutu wa medium format ndalemba kuti 'kamera yapakatikati'. Mnzanga wandiseka. Ndalakwa pati?"

Mnzanuyo sanaseke pachabe, bambo. Tikati mwana uyu m'kalasi ndi wapakatikati, aliyense amamva kuti si wanzeru kwambiri komanso si mbuli. Ndiye wowerenga kabuku kanu adzaganiza kuti mukunena kamera yongoyezerapo, yabwinoko pang'ono, pamene makamera amenewa ali m'gulu la okwera mtengo zedi. Chimene chili pakatikati si ubwino wa kamerayo ayi, koma kukula kwa filimu yake.

Kumunsi kuli filimu ya mamilimita 35, imene chithunzi chake chimakhala mamilimita 24 m'lifupi ndi 36 m'litali. Kumtunda kuli makamera akuluakulu oimika pa miyendo itatu, amene wojambula amafunda nsalu yakuda, n'kumalowetsa filimu imodziimodzi ngati mapepala, ya mainchesi 4 ndi 5 kapena kuposa. Pakati pa ziwirizi ndi pamene pali filimu ya 120, imene kampani ya Kodak inatulutsa mu 1901 kuti izigwira ntchito mu kamera ya Brownie No. 2. Ndi mpukutu wotambalala pafupifupi masentimita 6, womatidwa ku pepala lochinga kuwala. Pano ndikuchenjezeni: musadzalembe kuti "filimu ya mamilimita 120". Ndaziwonapo zimenezi kangapo. Nambala 120 si muyeso, ndi nambala chabe imene a Kodak anaipatsa filimuyo. Lembani "filimu ya 120", basi.

Mpukutu womwewo umatulutsa zithunzi zochuluka mosiyana malinga ndi kamera: 12 ngati chithunzi chili chofanana mbali zonse, cha masentimita 6x6, 10 pa 6x7, 8 pa 6x9, ndipo 15 kapena 16 pa 6x4.5. Zithunzi khumi zokha, kenaka mutsegule kamera muike mpukutu wina. N'chifukwa chake ojambula a nthawi imeneyo sankangodina mwachisawawa.

Mukanandifunsa kale, filimu ikadali mfumu, ndikanati lembani "kamera ya filimu yotambalala" ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Vuto n'lakuti makamera ambiri a mtunduwu masiku ano alibe filimu. Pamalo pake pali sensa, kachipangizo kamene kamalandira kuwala n'kukusandutsa chithunzi cha dijito, ndipo sensayo ndi yocheperapo poyerekeza ndi filimu imene inalowa m'malo mwake. Yofala kwambiri ndi ya mamilimita pafupifupi 44 ndi 33. Yaikulu, imene ili m'zipangizo za Phase One, ndi ya 53 ndi 40, yomwe ikuperewerabe pang'ono pa chithunzi cha 6x4.5, chaching'ono kwambiri pa filimu ya 120. Dzina linatsala, chinthu chinasintha. Choncho ine ndikuti dzinalo lisiyeni momwe lilili, "kamera ya medium format", ndipo poyamba penipeni mulifotokoze: kale inali ya filimu yotambalala masentimita 6, lero ndi ya sensa yoposa ya makamera wamba. Ophunzira anu akapita kukagula kapena kukabwereka, adzafunika dzina limene wogulitsa akulidziwa.

"Nanga digital back? Ine ndamasulira kuti 'msana wa dijito', koma zikundimvekera zachilendo m'kamwa."

Khutu lanu silikunama, achimwene. Koma tisanafike pa mawu, tiyeni tichione chinthucho, pakuti kumasulira chinthu chimene sunachigwire n'kusaka usiku.

Tengani Hasselblad 500C, ya ku Sweden, imene inatuluka mu 1957. Kamera imeneyi imagawika zigawo. Kutsogolo kuli lenzi, pakati pali thupi looneka ngati bokosi, pamwamba pali posuzumira, ndipo kumbuyo kuli kabokosi kena kosunga filimu. Mukalowetsa kachitsulo kopyapyala pakati pa thupi ndi kabokosiko, kuwala sikufikanso pa filimu, ndiye mutha kukachotsa ngakhale mpukutu uli pakati, n'kuikapo kena. Wojambula ankatha kukhala ndi kabokosi ka filimu yakala ndi kena ka filimu yakuda ndi yoyera, n'kumasinthanitsa pa kamera imodzi. Anthu amene anapita ku mwezi mu 1969 pa ulendo wa Apollo 11 anachita zomwezo: pofuna kupeputsa katundu anasiya thupi la kamera ndi lenzi konko, nabwera ndi timabokosi ta filimu tokha.

Kagawidwe kameneka ndi kamene kanatsegula njira ya dijito. Opanga zipangizo sanayambe ndi kupanga kamera yatsopano ayi. Anangopanga kabokosi ka sensa kokwana pamalo pomwe pankakhala ka filimu. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 kampani ya Leaf inatulutsa kotchedwa DCB, ka timadontho topanga chithunzi pafupifupi 4 miliyoni. Kuti chithunzi chituluke chakala pankafunika kujambula katatu, kudzera m'sefa yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, kamera ili yolumikizidwa ku kompyuta. Munthu sakanajambulika bwino motero, akangophethira basi zonse zasokonekera. Zinali za kujambula mabotolo, nsapato ndi mawotchi a m'mabuku otsatsa malonda. Kampani ya Phase One ya ku Denmark, imene inayamba mu 1993, inalowanso pa ntchito yomweyi, ndipo pofika 2018 inali ndi kabokosi ka timadontho 150 miliyoni.

Tsopano mawu. Msana ndi wa munthu kapena nyama, umachoka m'khosi kufika m'chiuno, ndipo suchotsedwa n'kubwezeredwa. Kunena zoona, ngati lenzi ndi diso, chimene chili kuseri kwake ndi nkhongo, osati msana, koma "nkhongo ya dijito" ndiye anthu angagwe nako kuseka. Ena ayesa "kumbuyo kwa dijito". Apa vuto ndi la galamala. "Kumbuyo" ndi malo. Timati "kumbuyo kwa kamera kwada", monga timanenera "kunja kwacha". Malo otere sagulidwa, sanyamulidwa m'chikwama, ndipo sawerengedwa: palibe anganene kuti "ndili ndi makumbuyo awiri". Chingerezi chimalola mawu amodzi omwewo kukhala malo komanso chinthu. Chichewa chimafuna dzina la chinthu, kenaka malowo atsatire ngati mfotokozi. Ndiye nenani "bokosi lakumbuyo", ndipo mukafuna kusiyanitsa, "bokosi la filimu" ndi "bokosi la sensa". Yesani chiganizo ichi mokweza: "Anachotsa bokosi la filimu naikapo la dijito." Mwamva momwe chikuyendera? Ine ndakhala ndikunena "kabokosi" chifukwa chinthucho chimakwana m'dzanja, koma m'kabuku kophunzitsira "bokosi" ndi lokwanira. Ka- nthawi zina amapeputsa, ndipo mwini wake amene anachigula modula sangakondwe.

"Aphunzitsi, mwana wanga wandidzudzula. Ndinati ndikupita kukatsukitsa zithunzi, iye akuti zimenezo ndi zachikale, za dijito sizitsukidwa chifukwa palibe madzi. Wolondola ndani?"

Mayi, mwana wanuyo ndi watcheru, ndipo mumuyamikire. Koma wolondola ndi inu.

Mawu akuti "kutsuka" anali oona ndithu pa nthawi ya filimu. Mpukutu wa 120 ukatha, wojambula ankaumata ndi kapepala kuti usamasuke. Mumdima wa ndiweyani, mongopapasa ndi zala, ankasiyanitsa filimu ndi pepala lake, n'kuikulunga pa kachipangizo kozungulira, n'kuitsekera m'kachitini kosalowa kuwala. Akatero ndiye amayatsa nyali. Mankhwala oyamba amatulutsa chithunzi chimene chabisala mufilimu, achiwiri amaletsa oyambawo kuti asapitirire, achitatu amachikhazikitsa kuti kuwala kusachiwonongenso. Pomaliza madzi enieni, kutsukuluza mpaka mankhwala onse atachoka, kenaka kuyanika pa chingwe ngati zovala. Negetivu ya 6x6 ikauma mumatha kuiyang'anitsa ku windo n'kuzindikira nkhope ya munthu ndi maso okha, chinthu chovuta pa kanegetivu ka 35. Kusamutsira chithunzi pa pepala nakonso kunkadutsa m'mabeseni a mankhwala ndi madzi. Anthu athu anaona madziwo, natenga gawo limodzi la ntchito kukhala dzina la ntchito yonse. Onaninso kuti anasankha bwino mneni. Sanati kuchapa, kumene n'kwa nsalu, kapena kusambitsa, kumene n'kwa thupi. Anati kutsuka, monga mbale ndi mabotolo, zinthu zosalala zimene madzi salowa m'kati.

Lero madzi kulibe, n'zoona. Koma mawu satsata madzi, amatsata cholinga cha wolankhula. Mukati "ndikukatsukitsa zithunzi", aliyense akumva kuti mukufuna zithunzi zichoke m'kamera kapena m'foni zifike pa pepala logwirika. Timanenabe kuti "kuimba foni" ngakhale palibe nyimbo, ndiponso "kutchaya lamya" palibe amene akumenya waya. Ngakhale eni ake Chingerezi sanataye mawu awo akale: mu pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Lightroom, gawo lokonzera zithunzi likutchedwabe ndi mawu omwe aja ankanenera kutsuka filimu.

Komabe pali malo amodzi pamene ndingagwirizane ndi mwana wanu. Wojambula wa kamera ya medium format amasunga zithunzi zake mu fayilo ya RAW, ndiye kuti zonse zimene sensa yaona, zosaphika. Amakhala pa kompyuta n'kumawonjezera kuwala apa, kuchepetsa kufiira apo. Ntchito imeneyo ndi imene yalowadi m'malo mwa mankhwala aja, koma ine sindingaitche kutsuka, chifukwa womvera adzayembekeza pepala. Imeneyo nenani "kukonza zithunzi". "Kusindikiza" nakonso n'kolondola, makamaka polemba zaukatswiri kapena ponena za makina enieniwo, ngakhale kuti m'makutu mwanga kumakoka maganizo a mabuku ndi nyuzipepala.

Ndipo musaiwale kam'phatikiram'tsinde kamene kamasintha tanthauzo la mneni: wa pa situdiyo amatsuka, inu mumatsukitsa. Chimodzimodzi iye amajambula, inu mumajambulitsa, ndipo mwana amene mwam'khazika pampando amajambulidwa. Zithunzi zikatuluka bwino timati zatsukika bwino.

"Filimu ndi kanema n'chimodzi? Ndipo tilembe filimu kapena firimu?"

Si chimodzi kwenikweni. "Filimu" ili ndi matanthauzo awiri, mpukutu woika m'kamera komanso sewero loonera. "Kanema" ndi zithunzi zoyenda zokha. Choncho simunganene kuti "ndaika kanema m'kamera". Pa kalembedwe, lamulo lathu limati r amabwera pambuyo pa i ndi e, n'chifukwa chake timalemba "kamera" ndi "kulira". Potsata lamulolo tikanalemba "firimu", koma kalembedwe kamene kanazika mizu ndi "filimu", ndipo ine sindilimbana nako. Mgwirizano wake: filimu iyi, kamera yanga; zikachuluka, mafilimu awa, makamera anga.

"Makamera atsopano akuti ndi mirrorless. Ndikati 'yopanda galasi', ophunzira akufunsa kuti nanga imaona bwanji?"

Akufunsa bwino, chifukwa "galasi" limanyamula katundu wambiri: la pawindo, lodziyang'anira, la m'maso, ndiponso la lenzi. Kamera yopanda lenzi ndi yakhungu. Chimene chachotsedwa ndi kalilole, ndipo mawu amenewa tili nawo kale, sitifunika kubwereka.

Kalilole ameneyu ali ndi mbiri yake. Rolleiflex, imene inayamba kugulitsidwa mu 1929 kuchokera ku Braunschweig m'dziko la Germany, ili ndi malenzi awiri, imodzi pamwamba pa inzake. Yapansi ndi yojambulira. Yapamwamba ndi yoonera, ndipo kuseri kwake kuli kalilole wopendekeka amene amaponya chithunzi m'mwamba. Wojambula amaigwirira pamimba, n'kuwerama ngati akuyang'ana m'chitsime. Choseketsa n'chakuti kumanja kumaoneka kumanzere, ndiye wophunzira akafuna kutsatira munthu woyenda amapotolera kamera kolakwika. Mu Hasselblad, mu Pentax 6x7 ya 1969 ndi mu Mamiya RB67 ya 1970 lenzi ndi imodzi, choncho kalilole amayenera kuthawa kaye kuti kuwala kudutse. Amadumphira m'mwamba ndi phokoso lakuti phwa, moti kamera imatha kunjenjemera. Pentax 645D ya 2010 inali ya dijito kale koma kalilole inali nayebe. Mu 2016 a Hasselblad anatulutsa X1D, ndipo a Fujifilm anaonetsa GFX 50S imene inafika pamsika chaka chotsatira. Zonse ziwirizi zinalibe kalilole: sensa yomweyo ndi imene imatumiza chithunzi pa kasikirini kosuzumira. Thupi linaphwa, kamera inapepuka, ndipo pofika 2019 GFX100 inali ndi timadontho 102 miliyoni, yojambulira m'manja.

Ndiye auzeni ophunzira anu kuti "kamera yopanda kalilole". Ena amalemba "kalirole" potsata lamulo la r lija, ndipo nawonso sanalakwe. Sankhani kalembedwe kamodzi m'buku lonse. Pa lenzi, mawu obwerekawo ndi omveka, koma polankhula ndi oyamba kumene ine ndimakonda "diso la kamera". Rolleiflex ija mukaitcha "kamera ya maso awiri", wophunzira amene sanaionepo adzailoza yekha pa tebulo.