Kafukufuku wa mwana wanga sadzangodyedwa ndi chiswe?

Bambo wina wa ku Area 25 walemba motere: "Mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya Social Science ku Zomba. Akuti apitirize masters, azifufuza mmene anthu amasamalira chilengedwe ndi mmene boma limamvera asayansi popanga malamulo. Ine ndikuona ngati ndi ntchito yolemba mapepala oti chiswe chidye. Imapindulitsa ndani?"

Bambo, nkhawa yanu ndi yomveka. Inenso ndinaonapo malipoti okhuthala ataunjikidwa pakona mu ofesi ina, fumbi lili mbuu, wina atakhazikapo kapu ya tiyi. Koma tiyambe ndi madzi a pa mpopi wanu.

Madzi amenewo amachokera mu mtsinje wa Lilongwe, womwe gwero lake ndi nkhalango ya Dzalanyama. Katswiri wa mitengo angakuuzeni zaka zimene mtengo umatenga kuti ukule. Chimene sangakuuzeni ndi chifukwa chake mbandakucha uliwonse njinga zodzaza matumba a makala zimalowabe mumzinda, pomwe lamulo la nkhalango analikhwimitsa mu 2020. Mayi wa ku Mtandire akaona mtengo wa gasi, magetsi n'kuthima ndiwo zili pamoto, amabwerera ku mbaula. Wootcha makalayo alibe podyera pena. Kufufuza zimenezi, n'kuuza opanga malamulo kuti kulanda njinga kokha sikupulumutsa nkhalango, ndiyo ntchito imene mwana wanu akuifuna.

Si ntchito yamasewera. Elinor Ostrom wa ku America, mayi woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa zachuma mu 2009, anaonetsa kuti anthu angathe kusamala nkhalango, nsomba ndi madzi awo ngati malamulo akudzipangira okha ndi kulondana okha. Ife zimenezi si zachilendo: pa chilumba cha Mbenji ku Salima mfumu ndi anthu ake amatseka usodzi nyengo ya mvula, ndipo asodzi amamvera.

Nanga phindu amaliyeza bwanji? Ku yunivesite amayang'ana pa Google Scholar, tsamba la pa intaneti losonkhanitsa zolemba za ofufuza, kuti ofufuza ena atchula ntchito yako kangati. Akati h-index ya wofufuza ndi 10, ndiye kuti ali ndi mapepala 10 ndipo lililonse latchulidwa kosachepera ka 10. Nambala imeneyi imathandiza pokwezedwa pantchito ndi popempha ndalama za kafukufuku. Koma kwa ine muyeso weniweni ndi woti zimene wapeza zafika ku Capital Hill, ku komiti ya Nyumba ya Malamulo, kapena pa bwalo la amfumu. Ndipo zimenezi zimachedwa, bambo. Mapulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015, khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma nkhaniyo inapitirirabe kukokanakokana.

Za ntchito ndisakunamizeni. Malo alipo: LUANAR, Centre for Social Research ku Zomba, National Commission for Science and Technology, National Planning Commission imene ikuyang'anira Malawi 2063, komanso mabungwe a kafukufuku a MwAPATA ndi AFIDEP. Koma ambiri amayamba ndi kontilakiti ya milungu ingapo, kuyenda khomo ndi khomo ndi tabuleti kufunsa mafunso. Asanyoze poyambira pamenepo, chifukwa ndi pomwe amaphunzira kusiyanitsa yankho loona ndi longosangalatsa mlendo.

Chimene chimagwetsa ana ambiri a Social Science ndi kuthawa manambala. Aphunzire Stata kapena R, mapulogalamu a pa kompyuta osanthulira manambala, panopa, asanamalize. Aphunzirenso kufupikitsa lipoti la masamba 80 kukhala masamba awiri, poti nduna ilibe nthawi ya enawo. Achenjere ndi magazini a pa intaneti olonjeza kusindikiza pepala m'masiku atatu ukalipira madola. Amenewo amadetsa mbiri.

Masters musaigulitsire puloti. Agwire kaye ntchito, kenako ayese mwayi wa thandizo lolipirira maphunziro la Commonwealth kapena Chevening, koma dziwani kuti a Chevening amafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri.

Akabwera ku holide, mukhale naye pakhonde akufotokozereni m'Chichewa funso limodzi limene akufuna kufufuza, ndi munthu amene adzasinthe zochita akamva yankho lake. Akalephera kutchula munthuyo, adikire kaye chaka chimodzi.