Musalole kuti achotse zam'kati mwa wailesi ya malemu bambo anu

Mayi a ku Nsipe, ndawerenga funso lanu lokhudza wailesi ya National Panasonic imene malemu bambo anu anabwera nayo kuchokera ku Joni, yomwe mwati yakhala m'sutikesi zaka zoposa khumi ndipo tsopano mukaikamo mabatire ikungoti zii. Mwanenanso kuti mnyamata wina wokonza mafoni pa boma la Ntcheu wakuuzani kuti chachidule n'kuchotsa zonse zam'kati n'kuikamo kabolodi kamakono kokhala ndi FM, Bluetooth ndi polowetsa memori khadi, ndipo mukufunsa ngati n'koyenera kuvomera. Ine ndikuti musavomere, makamaka panopa pamene palibe munthu amene waiyeza wailesiyo n'kupeza chimene chikuidwalitsa. Ndakhala ndikukonza mawailesi kuno ku Dedza kuyambira ndili mnyamata, ndipo ambiri mwa mawailesi akale amene anthu amabwera nawo akuti anafa, amakhala kuti angotsekeredwa ndi dzimbiri, fumbi kapena kawaya kamodzi kothothoka. Mukachotsa zam'katizo mudzatsala ndi chikombole chabe, ndipo liwu limene munkamva muli mwana silidzabwereranso.

Mwati bambo anabwerera kumudzi cha m'ma 1974, chaka chimene boma linaimitsa maulendo a Wenela, bungwe lotenga anthu kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, pambuyo pa ngozi ya ndege ku Francistown imene inapha anthu athu ambiri. Zimenezi zikundiuza zaka za wailesiyo, ndipo n'kutheka kwambiri kuti m'kati mwake muli mathiranzisita (tizipangizo tating'ono tokuza mafunde ndi mawu) opangidwa ndi germanium, amene manambala ake amayamba ndi 2SA kapena 2SB. Tizipangizo timeneti timagwira ntchito bwino kwa zaka zambiri, koma sitipirira zinthu ziwiri: moto wamphamvu kuposa muyeso wake ndiponso kutentha. Choncho musanachite china chilichonse, werengani kuti mumalowa mabatire angati. Batire limodzi la tochi ndi 1.5V, kotero ngati mumalowa anayi wailesiyo ndi ya 6V, ndipo ngati ndi asanu ndi limodzi ndi ya 9V. Musailumikize ku batire la sola kapena la galimoto, chifukwa limenelo ndi la 12V ndipo likamatchajidwa limakwera kuposa 13V. Musayesenso adaputala iliyonse imene mwaipeza m'nyumba poona kuti pulagi yake ikulowa, pakuti mawailesi ambiri a nthawi imeneyo anawalumikiza mosiyana ndi zipangizo za masiku ano, ndipo moto ukalowa motembenuka thiranzisita imapsa musanachotse n'komwe dzanja. Poyesa gwiritsani ntchito mabatire atsopano basi.

Malo oyamba kuyang'ana ndi mogona mabatiremo. Wailesi imene inasungidwa mabatire ali momwemo imakhala kuti anatuluka madzi n'kudya tizitsulo ndi masipuling'i. Ngati anali mabatire wamba a tochi, tsukani ndi soda wosungunula m'madzi pang'ono, koma ngati anali a alkaline, amene amasiya ufa woyera, gwiritsani ntchito viniga kapena madzi a mandimu. Mswachi wakale ndi wokwanira pa ntchitoyi, kungoti madziwo asadonthere pa bolodi. Pakauma, palani tizitsuloto ndi sandipepa wosalala mpaka tiwale, kenako kokani pang'onopang'ono mawaya awiri ochokera pamenepo, chifukwa nthawi zambiri waya amaoneka wamoyo kunja pamene m'kati anadyeka kalekale.

Mukatero ikani mabatire, khazikani khutu pa sipika, ndipo yatsani. Ngati mwamva kuti thu, kapena kaphokoso ka shii kakumvekera patali, dziwani kuti mbali yokweza mawu ili moyo. Ngati kuli chete kotheratu, ganizirani kabowo kolowetsa chomvetsera cha m'khutu. M'kabowo kameneko muli kachitsulo kamene kamadula sipika munthu akalowetsa pulagi, ndipo kakachita dzimbiri kamaidula mpaka kalekale ngakhale pulagi mulibe. Dontho la sipiliti ndi kulowetsa n'kutulutsa pulagi kangapo kwaukitsa mawailesi ambiri pa tebulo langa. Sipika yokha imayesedwa mosavuta: mukachotsa waya umodzi n'kugunditsa batire limodzi la 1.5V pa timiyendo take tiwiri kwa kanthawi kochepa, yamoyo imathetheka. Pali kuyesa kwinanso kumene amisiri akale tonse timakudziwa, komwe ndi kukhudza mwendo wapakati wa voliyumu ndi sikuludiraiva chala chili pa chitsulo chake. Sipika ikang'ung'udza, vuto lili kumbali yogwira masiteshoni, ndipo ikapanda kutero lili kumbali ya mawu. Pa wailesi ya mabatire kuyesa kumeneku n'kosaopsa, koma ngati yanuyo ilinso ndi chingwe cha magetsi a ESCOM, chizuleni kukhoma musanatsegule chivindikiro.

Kwathu kuno kumapiri chinyezi cha mu June ndi July chimalowa paliponse, ndipo chikasakanikirana ndi utsi wa m'khitchini ndi ndowe za mphemvu chimapanga litsiro lomata pa voliyumu ndi pa switchi yosinthira mabandi. N'chifukwa chake wailesi yakale imakhwekhwereza mukamakweza mawu, kapena kulira pa bandi imodzi n'kukana inayo. Mankhwala ake ndi sipiliti kapena mankhwala opopera otsukira maswitchi, n'kupotokola uku ndi uku kambirimbiri mpaka litsiro lichoke. Mafuta ophikira ndi oilo wa injini musayandikitse, ngakhale wina atakuuzani kuti amafewetsa, popeza amakoka fumbi ndipo pakatha miyezi iwiri vuto limakula kuposa poyamba.

Tsopano pali chinthu chimene achinyamata okonza mafoni sachiganizira. Yang'anani pa galasi la kutsogolo muone mabandi amene alembedwapo. Ngati pali MW yokhala ndi manambala oyambira cha pa 530 kufika cha pa 1600, ndi SW imodzi kapena ziwiri, koma palibe FM ya 88 mpaka 108, wailesiyo ikhoza kukhala yabwinobwino koma n'kusowa chogwira masana. Nyumba zoulutsira mawu za m'dziko muno masiku ano zili pa FM, pamene m'nthawi ya bambo anu MBC, imene inayamba mu 1964, inkamveka pa MW ndi pa SW, ndipo ambiri ankatcheranso nkhani za m'Chinyanja zochokera ku South Africa. Kotero muiyese usiku, chifukwa dzuwa likalowa mafunde a MW amayenda mtunda wautali ndipo mumatha kugwira masiteshoni a maiko oyandikana nafe. Tulukani nayo panja, kutali ndi machaja a foni, mababu a LED ndi inveta ya sola, pakuti zinthu zimenezi zimabalalitsa phokoso limene limaphimba MW ndi SW yonse. Pa MW muziitembenuza wailesiyo pang'onopang'ono, chifukwa eriyo yake ndi kandodo kakuda ka ferrite kamene kagona m'kati ndipo kamagwira bwino mbali imodzi, pamene eriyo yachitsulo yokoka ija ndi ya SW. Mukawonjezera waya wa mamita asanu kapena khumi ku eriyoyo n'kuukoleka mu mtengo, mudzadabwa ndi zinenero zimene zidzatulukemo.

Chenjezo langa lalikulu kuposa onse ndi ili. Mukatsegula kumbuyo mudzaona timabokosi tachitsulo ting'onoting'ono, tili ndi kamutu kokhala ngati sikuluwu kopakidwa utoto wachikasu, woyera, wakuda kapena wofiira, ndiponso timasikuluwu tina pamwamba pa chosankhira masiteshoni. Timeneti si tomangira chinthu ayi. Anatitchera ku fakitale ndi makina kuti tachikasu, toyera ndi takuda tigwirizane pa 455 kHz kapena pafupi ndi pamenepo, ndipo kafiirako ndi kamene kamachititsa kuti muvi uziloza nambala yoona pa galasi. Mukapotokola kamodzi kokha, wailesi imagontha, ndipo mukapotokola tonse palibe angabwezeretse ndi khutu lokha popanda chipangizo chotulutsa mafunde oyesera. Ine ndinaphunzira zimenezi ndi manyazi. Ndili wophunzira ntchito ndinatenga wailesi ya amalume anga, imene vuto lake linali waya wa sipika basi, ndipo poona kuti timituto tikutembenuka ndinaganiza kuti takhwefuka, ndiye ndinatimanga tonse mpaka kamodzi kanasweka m'kati. Amalumewo sananditukwane, koma anatha chaka chathunthu akukamvera nkhani kwa aneba, ndipo ulendo uliwonse ankadutsa dala pakhomo pathu. Choncho mmisiri amene angayambe ndi kupotokola timeneti asanayeze chilichonse ndi mita yoyezera magetsi, mulandeni wailesiyo mwaulemu n'kubwerera nayo kunyumba.

Ngati zonsezi zachitika koma mawu akutuluka ofooka, osasa, kapena akugunda ngati njinga yamoto ikulira chapansipansi, ndiye kuti tafika pa makapasita amene m'kati mwake muli timadzi. Timadzito timauma ndi zaka, kaya wailesi ikugwira ntchito kaya ili m'sutikesi, ndipo ya zaka makumi asanu imakhala nawo angapo otopa. Iyi ndiyo ntchito imene ndingakulangizeni kuti mulipire mmisiri. Kapasita yatsopano ikhale ya nambala yofanana ya µF (muyeso wake wolembedwa pathupi pake) kapena yoyandikira kwambiri, monga 33 m'malo mwa 30 kapena 47 m'malo mwa 50, ndipo mphamvu yake ya mavolti ikhale yofanana kapena yoposerapo. Iyenera kulowa moyang'ana mbali imene yakale inayang'ana, ndipo apa mpamene ambiri amalakwitsa, chifukwa mawailesi ambiri a germanium mbali ya + ndiyo inalumikizidwa ku thupi la wailesi, mosiyana ndi zimene anyamata a lero anazolowera. Mmisiri wabwino amajambula chithunzi ndi foni asanachotse kanthu, amasintha imodzi imodzi, ndipo amayatsa wailesi pambuyo pa iliyonse kuti akalakwitsa adziwe pamene walakwitsa. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo bolodi yakale imafunadi zimenezo, pakuti tinjira take tamkuwa timakanganuka chowotcherera chikakhalitsapo. Makapasita amenewa ndi otsika mtengo ndipo amapezeka m'masitolo a zipangizo zamagetsi ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Ochotsa mu wailesi ina yakale musawalole, chifukwa nawonso ndi okalamba chimodzimodzi.

Mathiranzisita ndiwo amanamiziridwa kwambiri, chonsecho ndiwo safa kawirikawiri. Wina akakuuzani kuti apsa, mufunseni kuti wayeza bwanji. Thiranzisita ya germanium yamoyo imaonetsa pafupifupi 0.2V pakati pa timiyendo take tiwiri totchedwa base ndi emitter, pamene ya silicon, imene ili m'zipangizo zamakono, imafuna pafupifupi 0.6V. Ndiye munthu wosadziwa akaona 0.2V amati yafa, n'kuchotsa yabwino n'kuikapo ya silicon, ndipo zotsatira zake ndi mawu osasa kapena chete weniweni. Ikafadi, yolowa m'malo mwake iyenera kuchokera mu wailesi ina ya nthawi yomweyo, ndipo poiwotcherera mwendo wake ugwidwe ndi pulayala kuti kutentha kusakwere m'kati. N'chifukwa chake ine ndikapeza chigoba cha wailesi yakale pa msika wa Lizulu kapena pa Tsangano, kaya ndi ya Nzeru imene inkapangidwa ku Blantyre, kaya Supersonic ya ku Bulawayo, sindichisiya, ngakhale akazi anga amadandaula kuti ndadzaza nyumba ndi zinyalala.

Zakunja sizivuta. Pukutani ndi kansalu konyowa ka sopo wamba, osati petulo kapena thinasi, zimene zimasungunula pulasitiki. Galasi la manambala mulipukute kutsogolo kokha, popeza manambalawo anawadinda kumbuyo kwake ndipo amafufutika ndi madzi omwe. Ngati kachingwe koyendetsa muvi kaduka, musachotse zotsalira zake musanajambule mmene kazungulirira pa timawilo, chifukwa kukoleka katsopano mongoganizira kumatha tsiku lathunthu, muvi n'kumayenderabe chobwerera.

Za FM ndi Bluetooth sindikuzikana kotheratu, popeza ndikudziwa kuti mungakonde kumvera uthenga wa maliro ndi mpira pa wailesi ya bambo anu yomweyo. Pali njira yochitira zimenezo popanda kupha yakaleyo: kabolodi kamakonoko kaikidwe pambali, mawu ake alowe kudzera pa voliyumu ndi kaswitchi kosankhira, mwakuti sipika ndi zokwezera mawu zikhale zakale zomwezo, ndipo tsiku limene mwafuna kukachotsa mungodula mawaya ochepa wailesi n'kubwerera mwakale. Dziwani chabe kuti kabolodiko kamadya moto kwambiri kuposa wailesiyo, imene ikamalira motsitsa imangokoka pakati pa 10 ndi 20 mA, kotero mabatire azidzatha msanga. Muwauze asaboole chigoba kutsogolo, ndipo chilichonse chimene achotsa akubwezereni m'kapepala.

Pofunafuna mmisiri, funsani achikulire a m'misika amene anayamba ntchito mafoni asanabwere, ndipo amene angakufunseni kuti wailesiyo inasiya bwanji kulira asanatchule mtengo, ameneyo ndiye mumusiyire. Koma musanapite kulikonse tsukani mogona mabatire, yesani kabowo ka chomvetsera, ndipo muitchere usiku muli panja. Mukatero munditumizire zithunzi zitatu: cha galasi la kutsogolo, cha kapepala ka kumbuyo kamene pali nambala ya mtundu wake yoyamba ndi R kapena RF, ndi cha m'kati mutachotsa chivindikiro, kuti ndikuuzeni makapasita oti mugule. Mukamaliza kuyesa n'kuibwezera m'sutikesi, mabatire muwachotse.