Reel yolembedwa Japan: kodi ndi yogula kapena yoisiya?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mmodzi wa awerengi athu, Mmalawi mnzathu amene akukhala ku Scotland. Anzawo a kuntchito awaphunzitsa kuwedza nsomba za trout ndi nyambo ya nthenga, ija amaiponya pamadzi kuti izioneka ngati kachilombo kotera. Tsono mu shopu ya katundu wakale apezamo reel, kagudumu kokulungira chingwe kaja, ya dzina la Heddon, koma kunsi kwake kwadindidwa Japan. Akufunsa kuti: dzina la ku America ndi chidindo cha ku Japan zikukumana bwanji? Nanga ndi yolimba, kapena angotaya ndalama?

Achimwene, ngati ilibe mng'alu, gulani. Ndifotokoze chifukwa chake.

Anthu a m'mapiri a ku Japan akhala akuwedza ndi nyambo ya nthenga kuyambira kalekale, koma reel sankaidziwa. Kuwedza kwawo kumatchedwa tenkara: nsungwi yaitali, chingwe chomangirira kunsonga, ndi kanyambo kotchedwa kebari, basi. Nsomba za iwana ndi yamame ankazivuula motero, monga ife tinkachitira ndi bango tili ana. Kuwedza kwa reel kunabwera ndi alendo a ku Ulaya amene ankakapumula ku nyanja ya Chuzenji ku Nikko. Mmodzi wa iwo anali Thomas Glover, wochokera komwe mulikoko ku Scotland, yemwe mu 1902 anathandiza kuika trout za ku America mu mtsinje wa Yukawa.

Koma mafakitale a reel anakula pa chifukwa china, cha ndalama. Kuyambira 1949 mpaka 1971, dola imodzi ya ku America inkasinthidwa ndi ma yen 360, ndalama ya ku Japan, osasuntha. Kampani ya ku America inkaona kuti kuitanitsa katundu ku Japan n'kotchipa kwambiri kusiyana ndi kumupanga kwawo. Inkangopereka oda, fakitale n'kudinda dzina lake. Heddon, ya ku Dowagiac m'chigawo cha Michigan, inatchuka ndi nyambo, ndipo reel ngati yanuyo inkachita kupangitsa. Berkley, kampani inanso ya ku America, nayo inkatero. Amene ankapanga ma reel m'zaka zimenezo ndi monga Olympic, Daiwa yomwe inakhazikitsidwa mu 1958, ndi Ryobi ya ku Hiroshima, yomwe inayamba mu 1943 ndi luso loumba zitsulo zosungunula m'zikombole. Shimano, imene ambiri timaidziwa pa njinga, inayamba mu 1921 ku Sakai, koma za usodzi inalowamo mu 1970.

Tisabise: poyamba mafakitale a ku Japan ankakopera. Mukaika Heddon zambiri za nthawi imeneyo pambali pa reel ya Hardy Lightweight ya ku Alnwick ku England, mudzaona kuti ndi mwana ndi bambo ake. Zina anatengera Pflueger Medalist ya ku Akron ku America, mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 Medalist yeniyeniyo nayo inayamba kupangidwa ku Japan. Alipo asodzi amene amazinyoza chifukwa cha kukoperako. Ine ndimaona mwina. Anakopera chinthu chabwino, ndipo anachikopera mosamala. Mkati mwake mulibe zambiri: giya imodzi, kadzino kogwira pa giyapo, ndi sipuling'i yokankha kadzinoko. Nsomba ikakoka chingwe, kadzino kamalira "trrr" n'kuletsa gudumu kuthamanga mopitirira muyezo. Chinthu chotere, chikapangidwa mwa miyezo yake, chimakhala zaka makumi asanu chikugwirabe ntchito. Pa trout za m'mitsinje, ntchito yaikulu ya reel ndi kusunga chingwe, nsombayo mumalimbana nayo ndi ndodo ndi dzanja.

Posiyana ndi Hardy ndi apa. Utoto wake umasupuka msanga. Timasikuluwu tina ndi tofewa, mukatimanga mwamphamvu timadyeka mutu. Thupi lake ndi loumba m'chikombole, choncho ikagwera pamwala nthawi zambiri imang'aluka m'malo mopindika, ndipo kuiwotcherera n'kovuta. Gudumu lapadera losinthira chingwe kulipezanso ndi mwayi.

Pambuyo pake anayamba zawozawo. Ryobi inatulutsa ma reel a magnesium monga 255MG ndi 355MG, opepuka moti m'manja mumachita kukayika ngati mwanyamula kanthu. Ndimawakonda kwambiri pa ndodo yaifupi, koma asayandikire madzi amchere, chifukwa magnesium imadyeka. Marryat nawo anapanga ma reel okongola a aluminiyamu amene mpaka lero anthu amawasakasaka. Kenaka mu 1985, pangano la Plaza, la maiko olemera pa nkhani ya kasinthidwe ka ndalama, litakweza mphamvu ya yen, kupanga zotchipa ku Japan kunasiya kupindulitsa, ndipo maoda ambiri anasamukira ku Korea, Taiwan ndi China. N'chifukwa chake reel yotchipa yodindidwa Japan kawirikawiri imakhala yakale ndithu.

Mukabwerera ku shopuko, chitani izi. Chotsani gudumu muone ngati sipuling'i ndi kadzino zilipo ndipo sizinadyeke. Libwezereni, muzunguze pang'onopang'ono: likamagwedera kapena kukhula m'mbali, ndiye kuti msomali wa pakati unapindika, isiyeni. Yang'anitsitsani phazi lake, pomwe imagwirira ku ndodo, chifukwa ming'alu imakonda pamenepo. Ndipo pitsani chala pa kachitsulo komwe chingwe chimatulukira. Ngati pakumbika kamzere kakuthwa, padzadula chingwe chanu, ndipotu chingwe chabwino cha usodzi umenewu chingakhale chodula kuposa reel yonseyo. Ambiri amaiwala pamenepa, n'kumadabwa chingwe chatsopano chikusupuka mwezi usanathe.

Ikapambana zonsezi, itsukeni ndi madzi ofunda a sopo, iumitseni bwino, mupake girizi pang'ono pa giya ndi kadontho ka oyilo pa msomali. Ngati mumakulunga ndi dzanja lamanzere, zambiri mwa izi zimasinthika mukatembenuza kadzino kaja.

Chimodzi chokha ndikuchenjezeni: poti muli ku Scotland, tsiku lina anzanuwo adzakuitanani kokawedza salmon mu mtsinje wa Tweed kapena wa Spey. Kumeneko kareel aka musapite nako, ndi kakang'ono ndipo sikangasunge chingwe chokwanira nsomba yothamanga chotero. Koma pa trout ndi kokwana, ngakhale mutabwera nako patchuthi kudzayesa madamu a pa phiri la Zomba kapena a ku Chelinda ku Nyika. Popita ku shopu mutenge ndodo yanu, muyese ngati phazi lake likulowa bwino musanalipire, chifukwa mapazi ena akale ndi okhuthala kuposa malo ake pa ndodo za masiku ano.