Matimati ali ndi nthochi m'dengu limodzi, bwanji ena sakupsa?

Mayi wina wa ku Ntcheu watifunsa pa imelo: "Ndimavundika matimati pamodzi ndi nthochi. Ena amafiira, ena amangoti gwa mpaka kuwola. Kodi mpweya wa ethylene umasankha?"

Mayi, ethylene, mpweya umene zipatso monga nthochi zimatulutsa zikamapsa, susankha. Nkhani ili pa makutu a chipatsocho. M'maselo a tomato muli mapuloteni 7 omva ethylene, ETR1 mpaka ETR7, lililonse lili ndi kakopa (kachitsulo ka copper) pomwe mpweyawo umakodwa. Ntchito yawo ndi ya ulonda. Mpweya kulibe, iwo amalimbikitsa puloteni ya CTR, CTR n'kupondereza puloteni ina ya EIN2, zonse zii. Ethylene akakodwa pakopapo alonda amagona, EIN2 amaduka, chidutswa chake n'kulowa pachimake pa selo, ndipo mapuloteni a EIL ndi ERF amadzutsa majini (malangizo a chibadwa a m'selo) a kufiira, kufewa ndi fungo. Pomwepo mapuloteni a ACS2 ndi ACS4 amachulukitsa ethylene wa chipatso chomwecho. Nthochi yangokolezera moto.

Pofufuza vutoli, yambani ndi kukhwima. Dulani tomato mmodzi ndi mpeni wakuthwa. Njere zikadulika, mkati muli mouma, mwathyola anthete, ndipo nthochi khumi sizingathandize. Wokhwima amakhala ndi zoterera mkati, njere zimazemba mpeni.

Kenako kutentha. Mtundu wofiira, lycopene, umapangika bwino pa madigiri 18 mpaka 21. Kukapitirira 30, monga masana a Okutobala pansi pa malata, matimati amafewa ali achikasu.

Koma chimene tikuchikayikira kwambiri ndi mbewu. Jini ya RIN, imene gulu la ofufuza la James Giovannoni linaizindikira mu 2002, ndi yofunika kuti tomato apse mokwanira. Mbewu zambiri za haibulidi zosawonongeka msanga zimanyamula majini awiri a RIN, mmodzi wolumala, wina wabwino, n'chifukwa chake zimapirira ulendo wa palole, ngakhale kukoma kumachepako ndithu. Mukatenga njere za haibulidi yotere n'kufesanso, mtengo umodzi mwa 4 umalandira olumala onse awiri. Zipatso zake zimathera pachikasu, zolimba, kaya muziunjikire nthochi zingati.

Palinso mtundu wa tomato wotchedwa Never-ripe, pomwe ETR3 ndi wogontha, koma ameneyu amapezeka kwambiri kwa ofufuza, osati m'dimba.

Ndiye mangani kansanza pamitengo imene zipatso zake zikukanika. Ikakhala mitengo yomweyomweyo nthawi zonse, ina yoyandikana nayo ikufiiritsa bwinobwino, vuto ndi mbewu yobwezera, gulani yatsopano. Zikakanika m'dengu lonse, thyolani pamene kunsonga kwayamba kusintha mtundu, ndipo dengulo lisamukire pamthunzi popita mphepo.