Makamera sakuonekanso pa foni: kodi IPv6 ithetsa vutoli?

Owerenga ena andilembera imelo. Ali ndi golosale, adaikamo makamera achitetezo, koma chisinthireni kampani ya intaneti sakuthanso kuwaona pa foni akakhala kunyumba. Wokonza wawauza kuti asamukire ku IPv6, njira yatsopano yoperekera maadiresi pa intaneti yomwe ikulowa m'malo mwa yakale ya IPv4, ndiye akufunsa ngati ataye zipangizo zakale.

Musataye kanthu, bambo. Poyamba lowani mu rauta muone adiresi ya WAN, yomwe kampani ya intaneti yapatsa rautayo. Ngati ili pakati pa 100.64 ndi 100.127, kampani yakuikani kuseri kwa CGNAT, kutanthauza kuti makasitomala ambirimbiri mukugawana adiresi imodzi ya IPv4. Zili ngati bokosi la makalata la pasukulu ya kumudzi: mudzi wonse umalembera pomwepo, koma wapositi sadziwa khomo la munthu aliyense. N'chifukwa chake port forwarding, njira yotsegula khomo pa rauta kuti wa kunja afike pa makamera, yomwe inkagwira kale yasiya kugwira.

Si nkhanza ayi. Maadiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo IANA, bungwe logawa maadiresi padziko lonse, idagawa otsiriza pa 3 February 2011. AFRINIC, yomwe imagawa kuno ku Africa, ikutapa otsalawo pang'onopang'ono.

Wokonza wanuyo sananame, kungoti wadumpha pakati. IPv4 ndi IPv6 sizimvana chilankhulo. Maneteweki ambiri amayendetsa zonse ziwiri pamodzi, amati dual stack. Ena, monga T-Mobile ya ku America, amapereka IPv6 yokha n'kuika womasulira pakati: NAT64 ndi DNS64, kuwonjezerapo 464XLAT yothandiza mapulogalamu odziwa IPv4 yokha. Koma womasulirayu amaperekeza wotuluka kupita kunja, sathandiza mlendo wofuna kulowa. Inu vuto lanu n'lolowa.

Kuti IPv6 ikuthandizeni, kampani yokupatsani intaneti ku golosale iyenera kuipereka, DVR yanu (kabokosi kosunga zomwe makamera ajambula) izitha kuilandira, ndiponso neteweki ya foni yanu ikhale nayo. Chimodzi chikasowa, palibe chichitike, ndipo ma DVR akale ambiri amagwera pomwepa. Zikatheka zonse, musathimitse IPv4, ndipo mu firewall, mlonda woletsa alendo kulowa mu neteweki, mutsegule khomo la DVR lokha, chifukwa tsopano chipangizo chilichonse chili ndi adiresi yakeyake yofikirika kuchokera kunja.

Ndikadakhala ine, ndikadayamba ndafunsa kampaniyo mtengo wa public IPv4, adiresi yanuyanu yosagawana ndi ena. Ukakhala wokwera, ikani Tailscale, pulogalamu yolumikiza zipangizo zanu mwachinsinsi pa intaneti, pa kakompyuta kamodzi ka mu golosalemo ndi pa foni yanu. Imadutsa CGNAT popanda kutsegula khomo lililonse pa rauta.