Za geni ya ku Joni, achemwali, khalani pansi kaye

Mwandifunsa kuti muli ndi kampamba kanu ndipo mukufuna kudziwa momwe geni ya ku Joni imayendera, zokaoda ndi phindu lake. Ndikuyankhani, koma zokoma musayembekeze. Ine msewu umenewu ndinauyamba mu 2009, anthu akadali ndi mantha ndi zipolowe za mu May 2008, pamene alendo ankasakidwa ngati mbewa ku Alexandra. Anzanga ankati ndapenga. Koma ndi msewu womwewo ndinamanga nyumba ya malata ya zipinda zitatu ku Chirimba, popanda mwamuna wondiponyera ngakhale thumba limodzi la simenti.

Njira mukuidziwa kale. Wenela, Mwanza, Zobue, kuwoloka Zambezi pa Tete, Nyamapanda, Harare, Beitbridge, mpaka kutsika pa Park Station miyendo itatupa ngati mitondo. Popita musapite chimanjamanja. Tengani mpunga wa Kilombero, usipa, utaka ndi zitenje. Amalawi a ku Mayfair ndi ku Fordsburg amagula osanenerera mtengo, ena amayamba anunkhiza kaye thumbalo atatseka maso. Masiku oti mukhale ku South Africa amakupatsani 30, ndipo muziwawerenga ngati mankhwala a kuchipatala. Kuyambira 2014 ukapitirira masiku salipiritsanso faindi ngati kale, amangokudinda kuti usapondekonso, ena chaka chimodzi, ena zisanu.

Za anthu a m'zipata ndikayamba kunena ndimapsa mtima. Alipo abwino, sindikana. Koma ena amakuona ngati wakuba usanatsegule n'komwe chikwama. Amatembenuza pasipoti tsamba ndi tsamba, mosapupuluma, kudikira kuti R100 igwe pakati pa masambawo. Mwana wamng'ono, wofanana ndi mwana wanga woyamba, kundikhazika padzuwa maola atatu chifukwa cha mapoto asanu ndi limodzi!

Mu March 2020 ndinapita ndi ndalama zambiri kuposa kale lonse, R48,000. Zanga zinali theka. Zina zinali za amayi anzanga a banki m'khonde ya kutchalitchi, zina za achimwene anga a ku Chiradzulu amene anagulitsa nandolo ndi mbuzi zinayi. Ndinkaona kuti June akubwera ndi chisanu, mabulangeti adzayenda ngati mandasi. Ndinaoda 120 ku Dragon City, kumashopu a zooda a ku Joni, n'kuwapereka kwa transporter, munthu wonyamula katundu pa galimoto, amene ndinagwira naye ntchito zaka zinayi osasowetsa ngakhale supuni. Ine ndinati nditsalire masiku atatu nditolere ngongole za usipa.

Pa 27 March dziko lonse la South Africa linatsekedwa chifukwa cha Covid. Basi zonse zii.

Patapita sabata transporter uja anaimba. Akuti galimoto yagwidwa pa chipata china, sinditchula, mapepala sakugwirizana ndi katundu, mabwana akufuna R9,000. Ndinakongola n'kutumiza. Patapita masabata awiri, akuti bwana wasintha, watsopanoyu akufuna zake. Ndinagulitsa foni yabwino ija, n'kutumizanso. Kenako nambala yake inasiya kupezeka. Mpaka lero ndimawaona m'maso mwanga anthu ovala yunifolomu akugawana mabulangeti anga kuseri kwa ofesi.

M'katundu mmenemo munali bulangeti limodzi losagulitsa. Amayi anga anandituma tsiku lonyamuka, ali pakhonde akusenda chinangwa: "Undigulireko lolemera lija, la maluwa ofiira, mafupawa sakumvanso chitenje." Ndinalisankha ndekha, n'kulemba pa pulasitiki yake ndi maka wakuda kuti AMAYI. Linapita limodzi ndi enawo.

Tinkagona amayi asanu m'chipinda chimodzi ku Mayfair, matiresi pansi, nsalu yotchinga pakati. Foni inkangolira. Amayi a banki m'khonde, achimwene, alamu, aliyense ndi funso limodzi, katundu afika liti. Poyamba ndinkati sabata yamawa. Mabodza atanditopetsa ndinafufuta WhatsApp, n'kuchotsa SIM ya kumudzi, n'kuiika pakati pa Masalmo. Ndinadziuza kuti ndiimba ndikapeza theka la ndalamazo. Mwezi umodzi, iwiri basi.

Agogo anga aamuna anapita ku Joni pa selefu, paokha osalembedwa ndi kampani, amayi anga akadali kamtsikana, osabwerako, osalemba ngakhale kalata. Amayi akamawatchula ankangoti "tchona uja", n'kulavula. Ine ndinakula ndikuganiza kuti munthu amatchona chifukwa chokomedwa ndi moyo wa kunja, wapeza mkazi wina, waiwala kwawo. Ndinadzazindikira ndili ndekha ku Lenasia, ndikuchapa ndi kusita m'nyumba ya eni, kuti ambiri amatchona ndi manyazi. Tsiku lililonse lomwe sunaimbe limalemeretsa foni ya mawa lake. Ukafika miyezi isanu ndi umodzi, sudziwanso kuti uyamba ndi mawu ati.

Amayi anamwalira mu January 2021. Ndinamva patapita masiku asanu ndi limodzi, pa Facebook ya mnzanga wa m'chipinda, mwana wa kumudzi kwathu ataika chithunzi chawo chovala duku la mvano. Anali atayikidwa kale. Ndinakhala pa matiresi paja mpaka kucha, kulira kosatulutsa mawu kuopa kudzutsa anzanga opita ku ntchito m'mamawa. SIM ija ndinaiika m'foni usiku womwewo, koma inali itafa.

Ndinabwerera mu June 2022, ndalama ya kwacha itangogwa ndi 25 peresenti mu May. Potuluka anandidinda zaka zisanu, ndipo pamenepo sindiwada, masiku ndinapitiriradi. Mwana wanga wamng'ono ndinamusiya ali ndi zaka 6. Ndinamupeza akuitana mng'ono wanga kuti amama, ndipo ine anandipatsa moni atagwada patali, moni wa alendo. Mnzanga amene tinkadyera mbale imodzi kuyambira ku pulayimale anandiona pa msika wa Limbe n'kuyamba kufunsa mtengo wa tomato amene sankamufuna, mpaka nditadutsa.

Inu mukufunsa za phindu. Lilipo, lekani kukayika. Panopa ndimapita ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, kukaoda zitenje ndi nsapato ku msika wa Kariakoo, ndipo palibe mayi wa ku Chirimba amene angandipose kusankha nsalu. Koma katundu wanga ndimakwera naye basi imodzi, ndikumuona ndi maso angawa. Ndalama za abale musatenge, ngakhale akukakamizeni bwanji. Ndipo mukakagwa, imbani tsiku lomwelo, muwauze kuti ndagwa. Adzakutukwanani, musadule foni.

Ngongole ija ndinabweza yonse, pang'onopang'ono, mpaka December 2023. Kwacha inali itagwanso ndi 44 peresenti mu November, moti zomwe amayi aja analandira sizikanagulanso zomwe zikanagula kale, ndipo ena sanabise kundiuza. Gawo lomaliza la achimwene ndinakapereka ndekha ku Chiradzulu. Anakhala pakhonde lomwe lija, n'kuwerenga ndalamazo kawiri, n'kuzipinda m'thumba la malaya. Za mbuzi sananene kanthu, za nandolo sananene kanthu. Anayang'ana kumsewu n'kunena kuti, "Amayi ankandifunsa m'mawa uliwonse ngati basi za ku Joni zayamba kuyenda."