Munadandaula za shuga wa Khirisimasi, akuchotsani ntchito: werengani masiku

Mayi a ku Kapata, kalata yanu ndaiwerenga. Mwati mwakhala mukugulitsa m'sitolo ina ku Down Shops kuno ku Chipata kwa zaka zitatu pa malipiro a K1,400 pamwezi, ndipo mu Disembala munkaweruka usiku tsiku ndi tsiku, pa Khirisimasi pomwe munagwira ntchito, koma chimene munalandira ndi paketi ya shuga ndi kabotolo ka saladi. Mutafunsa za ovataimu, abwana anakuuzani pa 8 Januwale kuti musabwerenso. Tsopano atsibweni anu akuti mudekhe, iwo akapepesa m'malo mwanu, pamene munthu wa ku ofesi yoona za antchito imene munakadandaulako wakuuzani kawiri konse kuti mubwere sabata yamawa.

Za shugayo tisatayepo nthawi. Lamulo la Zambia silikakamiza wolemba ntchito kupereka bonasi ya Khirisimasi, pokhapokha ngati zinalembedwa mu kontrakiti yanu kapena mu mgwirizano wa pakati pa sitoloyo ndi bungwe la antchito. Mphatso yonyozeka imapweteka mtima, koma khoti silingaweruze mlandu wa kuchepa kwa mphatso. Chimene lamulo limakana ndi kutenga mphatsoyo ngati malipiro. Employment Code Act ya 2019 imati maola opitirira 48 pa sabata alipidwe kamodzi ndi theka, ndipo wogwira ntchito pa tsiku la tchuthi cha boma limene sakanayenera kugwira alipidwe kawiri. Komanso kuyambira pa 1 Januwale 2024, malipiro otsikitsitsa a wantchito wa m'sitolo, kuphatikizapo ndalama za nyumba, thiransipoti ndi chakudya chamasana, amapitirira K2,000 pamwezi. Ngati K1,400 ndi zonse zimene mumalandira, mwezi uliwonse abwanawo amakhala ndi ngongole kwa inu.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi masiku amene akupita. Gawo 52 la Employment Code Act limati wochotsedwa ntchito mosatsata lamulo angathe kukanena kwa mkulu woona za antchito, kapena kukasuma kukhoti pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku limene anachotsedwa. Kwa inu masiku amenewo akutha pa 7 Febuluwale. Palinso lamulo lina, Industrial and Labour Relations Act, limene limapereka masiku 90 okasuma ku nthambi ya High Court yoona milandu ya antchito, ndipo anthu ambiri amangomva za 90 zokhazo n'kukhala pansi. Ine sindilola munthu amene ndikumuthandiza kudalira nthawi yaitaliyo pamene yaifupi ikadalipo, chifukwa loya wa sitolo akangopeza mpata wonena kuti munachedwa, mlandu umathera pa kuwerenga masiku, woweruza asanamve n'komwe za ovataimu yanu. Ndaonapo milandu yabwino ikufa motero, ina ya anthu amene anali ndi umboni woposa wanu.

Musaganizenso kuti masiku amaima chifukwa choti mukuyenda ku ofesi kapena abale akukambirana ndi abwana. Khoti lingathe kuwonjezera nthawi munthu akapempha, koma limafuna chifukwa chomveka, ndipo palibe loya woona mtima amene angakulonjezeni kuti lidzavomera. Mawu akuti "anandiuza kuti ndibwere sabata yamawa" salemera kanthu ngati palibe pepala losonyeza tsiku limene munapitako. Kunena zoona, chimanditopetsa n'chakuti munthu wa mu ofesi amadziwa bwino lomwe za malire a masikuwa, koma amabweza wodandaula pakamwa pokha, osamudindira ngakhale chidindo. Mukapitakonso, lembani dandaulo lanu m'makope awiri, adinde tsiku pa onse awiri, lina mubwerere nalo kunyumba.

Atsibweni anu akufuna zabwino, koma kupepesa kwawoko kungakuwonongereni mlandu. Inu simunalakwe pofunsa malipiro anu. Lamulo limati wolemba ntchito apereke chifukwa chomveka chochotsera munthu, amupatse mpata woyankha ngati akumuimba mlandu wa khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito, ndipo udindo wosonyeza kuti kuchotsako kunali kwachilungamo uli kwa iye. Atsibweniwo akabwerako ndi envelopu ya ndalama pang'ono ndi pepala loti musaine kuti mwalandira zonse ndipo nkhani yatha, musasaine loya asanaliwerenge. Pepala lotero silivuta kusaina, koma kulifafaniza kukhoti n'kovuta kwambiri.

Sabata ino musanapite kwina kulikonse, lembani m'kabuku masiku ndi maola onse amene munagwira mu Disembala mukadakumbukira bwino, sungani mapepala a malipiro ndi mauthenga a pa WhatsApp a abwana, ndipo ngati malipiro ankabwera pafoni musafufute mauthengawo. Pitani ku NAPSA, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni za antchito, mukatenge sitetimenti yanu, muone ngati abwana ankaperekadi 5 peresenti ya malipiro anu ndi 5 peresenti yawo. Ngati ankapereka, pepala limenelo lidzachitiranso umboni kuti munagwira zaka zitatu, iwo akadzayamba kunena kuti munali waganyu. Kusowa kwa kontrakiti yolembedwa kusakufooketseni, pakuti ntchito ya miyezi 6 kapena kupitirira imayenera kulembedwa, ndipo udindo umenewo ndi wa wolemba ntchito. Kenako pitani ku Legal Aid Board, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya, kuno ku Chipata, ndipo mawu anu oyamba akhale tsiku limene munachotsedwa.

Sindinganene kuti mudzabwezeredwa pa ntchito, popeza makhoti sachita zimenezo kawirikawiri. Nthawi zambiri amalamula chipukuta misozi, ndipo kuchuluka kwake kumadalira umboni. Ndalama zotsalira za malipiro, za ovataimu ndi za masiku a tchuthi amene simunapume ndizo ndikuziona zolimba kwambiri pa mlandu wanu, malinga mapepala afike kukhoti pa 7 Febuluwale pasanakwane.